Ndagula TiVo yakale koma ikukana kujambula za pa cable, ndilumikize bwanji?

Funso

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo ndimagwira ntchito usiku. Mpira wa Premier League kuno umaonetsedwa m'mawa Loweruka ndi Lamlungu, nthawi imene ine ndimakhala ndili mtulo. M'nyumba muli cable ya Xfinity ndi kabokosi kawo wamba kosajambula. Mnzanga amene akusamuka wandigulitsa TiVo Bolt yake, bokosi lojambulira mapulogalamu a pa TV. Ndamasula waya wa pakhoma m'kabokosi kaja n'kumumanga pa TiVo, koma pa TV pakungolembedwa kuti ndiike CableCARD. Ndinayesa kutenga HDMI, waya wopereka chithunzi ku TV, yochokera m'kabokosi kuti ndiilowetse mu TiVo, sizikutheka. Kodi ndalakwitsa waya uti, ndipo ndigule chingwe chanji?

Yankho

Achimwene, ndalama ya chingwe isungeni kaye. Palibe waya amene mwalakwitsa. Waya wozungulira wa pakhoma uja, wotchedwa coax, mwamumanga pa bowo loyenera, ndipo HDMI ya TiVo malo ake ndi ku TV basi. Chimene chikusowa m'nyumba mwanu ndi kiyi wotsekulira matchanelo, ndipo kiyi ameneyu sagulitsidwa m'sitolo.

Zithunzi zonse za Xfinity zimabwera zokhoma. Mu waya mmodzi uja mumadutsa matchanelo mazanamazana nthawi imodzi, pamodzi ndi intaneti, ndipo ntchito ya kabokosi ndi kusankhapo imodzi, kuitsekula, n'kuipereka ku TV. Kale matchanelo a m'dera monga NBC ndi CBS ankadutsa osakhoma, moti munthu ankangomanga waya kumbuyo kwa TV kapena pa makina ojambulira n'kumaonera. Mu Okutobala 2012 bungwe la FCC, limene limayang'anira za mawailesi ndi makanema ku America, linalola makampani a cable kukhoma ngakhale amenewo, ndipo Comcast, eni ake a Xfinity, anakhomadi. Kuchokera pamenepo makina alionse ofuna kujambula za pa cable ayenera kukhala ndi chotsekulira m'kati mwake. Ngati munagwiritsapo ntchito dikoda ya DStv kumudzi, mukukumbukira kakhadi kolowetsa m'mbali kaja: dishi ikhoza kuloza bwino, waya n'kukhala watsopano, koma popanda kakhadi kolipiridwa simuona kanthu. CableCARD ntchito yake ndi yomweyo, kungoti ndi yachitsulo ndiponso yokhuthalako. Mu Bolt imalowa kunsi, mukaitembenuza n'kutsegula kachitseko kamene kali pamenepo.

Khadi limeneli linabwera ndi lamulo. Mu 1996 aphungu a ku America anavomereza lamulo lotchedwa Telecommunications Act, limene mwa zina linkafuna kuti munthu azitha kugula bokosi lake m'sitolo, osakakamizidwa kubwereka la kampani mwezi ndi mwezi. Makhadi anayamba kupezeka mu 2004, ndipo TiVo yoyamba kuwagwiritsa ntchito, Series3, inatuluka mu 2006. Kwa zaka zambiri kampani ya cable sinkaloledwa kukukanizani khadi mukapempha. Mu Seputembala 2020 FCC inachotsa udindo umenewo. Comcast inapitiriza kwa kanthawi, kenako inalengeza kuti kuyambira pa 24 Okutobala 2024 siperekanso makhadi atsopano, kaya kwa kasitomala watsopano kaya wakale. Amene anali nalo kale m'nyumba anasiyidwa nalo, koma wofuna kuyamba lero ngati inu khomo linatsekedwa. A TiVo nawonso anasiya kugulitsa mabokosi ojambulira mu 2025. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa TiVo, imene inayamba kugulitsidwa mu 1999, ndi imodzi mwa makina amene anaphunzitsa anthu kuimitsa pulogalamu ikuulutsidwa n'kuipitiriza pambuyo pake, ndipo mpaka lero kasanjidwe kake ka zojambulidwa ndi komveka kuposa mabokosi ambiri a makampani. Koma zinthu zili chonchi, ndipo ndi bwino mudziwe musanawononge ndalama ina.

Mwina mukuganiza zopempha mnzanu uja khadi limene ankagwiritsa ntchito. Khadilo si lake, ndi la kampani, ndipo linalembedwa pa akaunti yake. Posamuka ayenera kulibweza, apo ayi amulipiritsa. Makhadi amene amagulitsidwa pa eBay nawo musawataire ndalama, pakuti kampani siyatsa khadi limene silinachoke m'manja mwake. Ndipo ngati kabokosi kanu ndi ka mtundu wakale kokhala ndi khadi lotsekeredwa kumbuyo ndi kachitsulo, musalizule kuti muliike mu TiVo. Linalumikizidwa ndi kabokosi komweko, ndipo mungotsala ndi zinthu ziwiri zosagwira ntchito.

Owerenga ena ali ndi makampani ena a cable, ena ali ndi khadi kale, choncho ndifotokoze mwachidule mmene zimayendera khadi likakhalapo. TiVo ili yozimitsa, lowetsani khadi mpaka lifike, mangani coax, HDMI ipite ku TV, waya wa intaneti ulowe m'bowo la Ethernet, ndipo magetsi akhale omaliza. Ikayaka imakuyendetsani mu Guided Setup, kumene imafunsa ZIP code, nambala ya positi ya dera lanu, ndi dzina la kampani yanu kuti itenge ndandanda ya mapulogalamu ya dera lanu. Kenako imaonetsa tsamba la manambala, CableCARD ID, Host ID, ndi pa makhadi ena nambala ya Data. Manambala amenewa mumawerengera a kampani pa foni kuti alumikize khadi ndi bokosi lanu. Nambala imodzi ikalembedwa molakwika, matchanelo ena amatuluka ena ayi, ndipo TiVo imalemba V58, kutanthauza kuti tchaneloyo sinaloledwe. Vuto la V58 lili mu kompyuta ya kampani, musalisake kumbuyo kwa TV. Ikalemba V52 ndiye ikusaka siginolo, ndipo pamenepo yang'anani waya. Makasitomala a Spectrum ndi Cox m'madera ambiri amafunikanso kabokosi kena kotchedwa tuning adapter, kolumikizidwa ndi USB, chifukwa makampani amenewa matchanelo ena amawatumiza pokhapokha wina m'dera akawapempha.

Tsopano za HDMI imene munayesa. Maganizo anu anali olondola ndithu: kabokosi katsekule tchanelo, TiVo ingojambula zotuluka. Koma bowo la HDMI la pa TiVo ndi lotulutsa zithunzi lokha, sililandira. Mabowo awiri otulutsa mukawalumikiza, palibe chochitika. Ndipo ngakhale mutagula kachipangizo kolandira HDMI, ka mtundu umene achinyamata amajambulira magemu, mudzakumana ndi chitetezo chotchedwa HDCP, chimene anakonza a Intel. Kabokosi ka cable kasanatumize chithunzi kamayamba kafunsa chimene chili kumapeto kwa waya ngati ndi chololedwa. TV imayankha bwino, chojambulira sichiyankha, ndipo mumangojambula mdima. Pali tizipangizo tina timene timagulitsidwa mobisa kuti tidumphe chitetezochi. Sindikulangizani, chifukwa ku America lamulo la DMCA la 1998 limaletsa kuthyola zotetezera zotere. Kujambula pulogalamu kuti muonere nthawi ina pakhomo panu, pogwiritsa ntchito makina ovomerezeka, ndiye kololedwa. Bwalo lalikulu la Supreme Court linagamula zimenezi mu 1984 pa mlandu wa pakati pa Sony ndi Universal. Chilolezo chimenecho sichifika pa kuika masewerowo pa Facebook kapena kugulitsa.

Chenjezo lina kwa amene akusaka pa intaneti. Mukalemba DVR, dzina la mabokosi ojambulira, m'malo ogulira zinthu, zambiri zimene zimatuluka ndi mabokosi a makamera a chitetezo, a CCTV. Kumbuyo kwake kuli mabowo ozungulira anayi, asanu ndi atatu kapena kuposerapo, ofanana pang'ono ndi a cable, koma ndi olandirira makamera. M'kati mulibe tuner, kachigawo kosankha tchanelo, ndiye sangajambule TV.

Njira yakale ija ikadalipo kwa amene ali ndi makina ojambulira pa DVD: mawaya atatu, wachikasu wa chithunzi, wofiira ndi woyera a mawu, kuchoka pa OUT ya kabokosi kulowa pa LINE IN ya chojambulira. Zimatheka ngati kabokosi kali ndi mabowo amenewo, koma timabokosi tambiri tatsopano tili ndi HDMI yokha. Chithunzi chimakhala cha mizere 480, chosawala, mpira umaoneka movutikira pa TV yaikulu. Choipitsitsa kwa munthu wogona m'mawa n'chakuti makinawo amajambula tchanelo yokhayo imene kabokosi kasiyidwapo. Mwana akadzuka n'kusinthira ku makatuni, mudzapeza makatuni.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita zinthu ziwiri, ndipo yoyamba ndi kuimbira a Xfinity kuti aike DVR pa akaunti yanu. Ndikudziwa kuti munagula TiVo pofuna kuthawa ndalama ya mwezi ndi mwezi, koma pa cable imeneyi njira yodalirika ndi imeneyo. Mabokosi awo a X1 amajambula m'njira ziwiri. Ena ali ndi hard drive m'kati, pamene ena amasunga zojambulidwa m'makompyuta a kampani, chimene amachitcha cloud DVR. Nthawi zambiri kabokosi kamene muli nako kale kamayamba kujambula akangoyatsa ntchitoyi pa akaunti, osasintha waya ngakhale mmodzi. Pa foni afunseni zinthu zitatu momveka bwino: maola angati amene mungasunge, mapulogalamu angati angajambulidwe nthawi imodzi, ndi ndalama yonse pa mwezi kuphatikiza yobwerekera bokosi. Ubwino wina ndi wakuti zojambulidwazo mukhoza kuzionera pa foni kudzera mu Xfinity Stream. Kuipa kwake, si zanu. Simungazikopere pa flash, ndipo tsiku limene mudzasiye kampaniyo zidzatsala komweko.

Akakupatsani bokosi latsopano, kulumikiza n'kosavuta: coax ya pakhoma ipite pa Cable In, HDMI ipite ku TV, magetsi pomaliza, kenako mulisiye mphindi zingapo lidzikonze, osalizimitsa pakati. Pa TV sankhani HDMI yoyenera ndi batani la Input kapena Source. Anthu ambiri amene amati bokosi lafa amakhala kuti waya ali pa HDMI 2 pamene TV ili pa HDMI 1.

Pamene pamafunika chidwi chenicheni ndi pa coax, ndipo ndichedwepo pang'ono, chifukwa zojambula zambiri zoduka-duka zimayambira apa. Munthu akamaonera yekha, chithunzi chikaphwanyika kwa kamphindi amangodikira. Makina ojambula okha m'nyumba sadziwa kudikira, amasunga zophwanyikazo, ndipo mumadzazindikira masewero atatha kale. M'nyumba zambiri pakhoma pali bowo limodzi, koma ofuna waya ndi awiri, modemu ya intaneti ndi bokosi la TV. Pamenepo pamaikidwa splitter, kachitsulo kokhala ndi IN imodzi ndi OUT ziwiri kapena kuposerapo. Waya wa pakhoma alowe pa IN, osati pa OUT. Splitter siwonjezera mphamvu, imangogawa imene ilipo, ngati paipi imodzi ya madzi yodyetsa mipopi ingapo. Ya njira ziwiri imadya 3.5 dB (muyeso wa mphamvu ya siginolo) pa mwendo uliwonse, kutanthauza kuti chotsala ndi chochepera theka. Ya njira zinayi imadya 7 dB. Manambala amenewa amalembedwa pa kachitsulo pomwepo. Choncho ngati zipangizo ndi ziwiri, gulani ya njira ziwiri, osati ya zinayi poganiza za m'tsogolo. Bowo likatsala lopanda waya, litsekeni ndi kachivindikiro ka 75 ohm, chifukwa bowo lotseguka limabweza siginolo m'mbuyo ndi kulowetsa phokoso. Musalumikizenso splitter pa splitter inzake. M'nyumba za lendi mumapezeka zina zakale zobisika kuseri kwa khoma kapena m'chipinda cha pansi, zimene anasiya okhalamo akale, ndipo iliyonse ikudya gawo lake.

Pa splitter yang'ananinso manambala a MHz. Zakale zolembedwa 5 mpaka 900 zichotseni. Yofunika ifike 1002 MHz, ndipo ngati m'nyumba muli mabokosi angapo amene amagawana zojambulidwa, tengani yofika 1675 MHz. Mabokosi amenewa amalankhulana kudzera mu coax yomweyo pa njira yotchedwa MoCA, imene imayenda pakati pa 1125 ndi 1675 MHz, pamwamba pa matchanelo. Pamene waya akulowera m'nyumba payenera kukhala kasefa ka MoCA, kuti kulankhulana kumeneku kusatulukire kwa oyandikana nawo. Nthawi zambiri a kampani amakaika okha. Mukakapeza, kachitsulo kakang'ono kotalika ngati chala, musakachotse poganiza kuti n'kopanda ntchito.

Waya akhale wa RG6, dzinalo limalembedwa pa chikopa chake. RG59 wowonda uja amataya mphamvu yambiri pa mafunde okwera. Kawaya ka mkuwa ka pakati kakhale kowongoka, kotulukira pang'ono kunja kwa mutu, ndipo tinsinga ta siliva ta m'mbali tisakakhudze. Mutu wokankha chabe, wopanda zomangira, umamasuka wokha pakapita nthawi. Tengani womanga mozungulira, mumange ndi zala mpaka ukane, kenako muwonjezere pang'ono kwambiri ndi sipanala ya 7/16. Mukalimbitsa mopitirira mumathyola bowo la bokosi. Musapinde waya pa ngodya yakuthwa kapena kumupanikiza ndi mwendo wa kabati. Kuti mudziwe mphamvu imene ikufika, tsegulani tsamba la modemu pa kompyuta. Pa modemu ya Xfinity adiresi yake ndi 10.0.0.1, pa mamodemu ambiri ogula nokha ndi 192.168.100.1. Yang'anani Downstream Power. Ikakhala pakati pa -7 ndi +7 dBmV zinthu zili bwino. Ikatsika kufika cha ku -10 kapena kupitirira, chepetsani ma splitter, ndipo zikakanika itanani a kampani ayeze kuchokera panja. Musathamangire kugula amplifier, chifukwa imakuza phokoso pamodzi ndi siginolo, ndipo zina zimatseka njira imene bokosi limayankhulira kubwerera ku kampani.

Chinthu chachiwiri ndi TiVo yanuyo, imene sinatayike. Bolt ya ma tuner 4 inapangidwa kuti izilandira cable kapena eriyo, chimodzi pa nthawi. Ya ma tuner 6, monga Bolt+, ndi ya cable yokha. Onani pa chikalata chomata kunsi kwake, kapena mu System Information. Ngati ndi ya 4, gulani eriyo, muimange pa bowo la coax lomwe lija, kenako mubwereze Guided Setup n'kusankha Antenna. Khadi silifunika, chifukwa matchanelo a m'mlengalenga ndi aulere ndiponso osakhoma. Kuyambira pa 12 Juni 2009 mawailesi akuluakulu a kanema ku America amaulutsa mwa digito, ndipo chithunzi cha pa eriyo nthawi zambiri chimakhala chowala kuposa cha tchanelo yomweyo pa cable, popeza sichinapanikizidwe kachiwiri. Ku South Bend NBC imapezeka pa WNDU, tchanelo 16. Eriyo iikeni pafupi ndi zenera, pamwamba, kutali ndi zitsulo zikuluzikulu, ndipo mukaisuntha bwerezani kusaka matchanelo.

Musanagule eriyo, tsimikizani za malipiro a TiVo. Bokosili silijambula popanda ntchito ya kampani yake, imene imalitumizira ndandanda ya mapulogalamu kudzera pa intaneti. Ena amalipira mwezi ndi mwezi kapena pa chaka, ena analipiriratu kamodzi pa dongosolo lotchedwa All-In, limene kale linkatchedwa Lifetime. All-In imatsatira bokosi, osati munthu, choncho ngati mnzanu anailipira ndiye mwagula chinthu chamtengo. Mu System Information muli mzere wonena za akaunti, ndi nambala ya bokosi yotchedwa TSN. Mnzanuyo asanachoke, mupempheni alankhule ndi a TiVo kuti bokosi lichoke pa dzina lake libwere pa lanu. Akapita kutali zimavuta kulondola.

Apa pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musachite. Musalumikize eriyo pa waya yemweyo amene akuyendamo cable, kaya kudzera pa splitter kaya pa bowo lina la pakhoma. Eriyo imalandira, komanso imaulutsa. Mukaimanga pa waya wa cable, siginolo ya kampani imatulukira m'mlengalenga, ndipo ena mwa mafunde amenewo ndi omwe amagwiritsa ntchito oyendetsa ndege. Phokoso la panja nalo limalowa mu waya n'kusokoneza intaneti yanu ndi ya anansi anu. Makampani amayenda ndi zida zosakira kutayika kotere, ndipo akhoza kudula waya wa nyumba yanu mpaka mutakonza. Eriyo ikhale ndi waya wakewake wopita ku TiVo yokha. Mapeto ake TV yanu idzakhala ndi mabokosi awiri, la Xfinity pa HDMI 1, TiVo pa HDMI 2, lililonse ndi coax yake.

Kodi eriyo yokha ingakukwanireni pa mpira? Ayi, ndipo apa ndi pamene muyenera kuwerengera bwino. NBC yakhala ikuonetsa Premier League ku America kuyambira 2013, koma masewero amagawidwa patatu. Ena amakhala pa NBC yeniyeni, ndipo amenewo TiVo ya eriyo iwajambula. Ambiri amakhala pa USA Network, imene siulutsidwa m'mlengalenga, ndiye afunika DVR ya cable. Ena amakhala pa Peacock, pa intaneti, ndipo masewero mukamawaonera pa Peacock palibe bokosi lowajambula, mumakawaonera komweko pa obwereza. Tengani ndandanda ya timu yanu ya mwezi umodzi, muone kuti masewero angati agwera kuti. Mukapeza kuti ambiri ali pa USA Network, DVR ya kampani ndiyo yofunika, TiVo ingokhala yothandizira pa nkhani ndi mapulogalamu ena.

Kaya mugwiritse ntchito bokosi liti, jambulani potsata dzina la pulogalamu, osati potsata wotchi. Pa TiVo amati OnePass, pa X1 mumasankha ligi kapena timu n'kuuza bokosi kuti lizijambula masewero ake onse. Chifukwa chake ndi ichi. Masewero a 3 koloko masana ku England amayamba 10 koloko m'mawa ku Indiana kwanuko, ndipo oyambirira a 12:30 amayamba 7:30. Koma America imasintha mawotchi Lamlungu lachiwiri la Malichi, pamene Britain imasintha Lamlungu lomaliza la mwezi womwewo. Pobwerera, Britain imasintha Lamlungu lomaliza la Okutobala, America Lamlungu loyamba la Novembala. M'masabata apakatiwo masewero a 3 koloko amayamba 11 koloko kwanu. Amene anatchera bokosi kuti lijambule kuyambira 10 mpaka 12 amapeza chigawo choyamba chokha. Bokosi lotsata dzina limasuntha lokha pamodzi ndi ndandanda.

Wonjezeraninso nthawi kumapeto. Ndandanda imapatsa mpira maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, koma masiku ano oimbira akuwonjezera mphindi zambiri, VAR imachedwetsa, wina akavulala masewero amaima. Mphindi 30 zowonjezera zimakwana pa ligi. Pa masewero a chikho, amene akhoza kupita ku nthawi yowonjezera ndi mapenate, ikani ola lathunthu kapena ola ndi theka. Chenjerani kuti nthawi yowonjezerayi imagwira tuner, moti ngati mwatchera mapulogalamu ambiri otsatizana bokosi lidzasiya ena. Pa mndandanda wa zofunika, mpira uikeni pamwamba kuti pakakhala kulimbirana upambane. Ndipo musanakagone siyani bokosi pa tchanelo ina yosakhala ya masewero, chifukwa mukadzuka n'kuyatsa TV ili pa tchanelo ya mpira, zigoli zimakhala zikudutsa pansi pa chithunzi musanafike n'komwe pa zojambulidwa.

Za malo osungira, Bolt ya 500 GB imasunga pafupifupi maola 75 a HD, ya 1 TB maola 150. Masewero amodzi ndi nthawi yowonjezera amadya maola awiri ndi theka, ndiye ya 500 GB imadzaza ndi masewero 30 ngati simufufuta. Ikadzaza imayamba kufufuta yokha zakale, kupatula zimene mwailamula kuti isunge. Hard drive ya Bolt ndi yaing'ono, ya mainchesi 2.5 ngati ya laputopu, ndipo imazungulira usana ndi usiku. Mdani wake ndi kutentha. Bokosilo analipanga lopindika dala kuti mpweya uzidutsa pansi, choncho musaliike pa kapeti, musalitsekere m'kabati yopanda mpweya, musaliunjike pamwamba pa bokosi lina lotentha, ndipo kansalu kokongoletsa kaja kasaphimbe mabowo ake. Popeza ndi yogula kwa munthu, mvetserani ngati ikulira mogogoda, kapena ngati zojambula za matchanelo onse zikuima-ima pamene za nthawi yomweyo zikuoneka bwino. Zikatero hard drive yatopa, ndipo imasinthika. Magetsi adzere pa soketi yoteteza ku mphamvu yobwera modzidzimutsa, ndipo usiku musalizimitse pakhoma, chifukwa bokosi lozimitsa silijambula ndipo silitenga ndandanda yatsopano. Coax yokha musaidutsitse m'mabowo a soketi yotetezayo, pakuti zambiri zimafooketsa siginolo.

Mukapeza kuti Bolt yanu ndi ya ma tuner 6, kapena malipiro ake sakukomerani, ndikudziwa ganizo limene limabwera: kuiika mu katundu wopita kumudzi. Musailipirire malo m'kontena. TiVo imamva mafunde a ku America okha, ATSC ya eriyo ndi QAM ya cable, ndipo ndandanda yake ndi ya matchanelo a kumeneko. Ku Malawi kanema wa digito wa pa eriyo, monga wa Kiliye Kiliye ndi GOtv, amayenda pa DVB-T2, ndipo DStv imabwera pa setilaiti, zimene TiVo singazitsekule. Ndi bwino muigulitse komweko kwa munthu amene ali ndi khadi kale, makamaka ngati ili ndi All-In. Abale akafuna kujambula kumudzi, bokosi la ntchito imeneyo ndi DStv Explora, limene limafuna kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kotchedwa Smart LNB ndi ndalama yowonjezera ya PVR pa mwezi kuti kujambula kuyatsidwe.